Ndinaphunzira Chipwitikizi popanda kalasi: zimene zinabwera msanga ndi zimene zinachedwa

Anthu akamva kuti ndimalankhula Chipwitikizi chikhalirecho sindinakhalepo m'kalasi yake, amafunsa kuti zinanditengera nthawi yaitali bwanji. Yankho langa limakhala pawiri. Kupempha chida, kumva zimene kapitawo akulamula ndi kuseka nawo nthabwala zosavuta, zimenezo zinabwera m'miyezi yochepa, msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Koma kufotokoza bwinobwino chimene chachitika, chimene sichinachitike ndi chimene chikanachitika, kulemba lipoti, kukana chinthu popanda kukhumudwitsa munthu, zimenezo zinatenga zaka. Pakati pa ziwirizi pali malo amene munthu wodziphunzitsa yekha amafika n'kukhazikika, kumayesa kuti ulendo watha. Ine ndinakhalitsa pamenepo, ndipo ndikulemba kuti amene akuyamba kumene awadziwiretu malowo.

Ntchito yanga ndi ya magetsi. Ndinapeza mwayi wokaika mawaya m'nyumba zomangidwa kumene kudziko lina lolankhula Chipwitikizi, ndipo nthawi yokonzekera inali yochepa. Ndalama zinali zitathera pa mapepala a ulendo, za sukulu ya zilankhulo sindinaziganizire n'komwe. Ndinaika pafoni imodzi mwa mapulogalamu aja amene amakupatsa mapointi ukayankha bwino, n'kumasewera nayo mphindi 15 madzulo aliwonse. Ndinkaoneranso mavidiyo a anthu olonjeza kuti m'mwezi umodzi ukhala ukulankhula ngati mbadwa. Mapointi ankachuluka, mtima unkakhala m'malo.

Pali masamu amene ndikanakonda wina akanandichitira nthawi imeneyo. Bungwe la boma la America lotchedwa Foreign Service Institute, limene limaphunzitsa akazembe awo zilankhulo, linawerengera kuti munthu wolankhula Chingerezi amafunika maola pafupifupi 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti athe kugwira ntchito m'Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chisipanishi. Pa Chiarabu, Chitchaina, Chijapani ndi Chikoreya amawerengera maola pafupifupi 2,200. Amenewotu ndi anthu osankhidwa, okhala ndi aphunzitsi odziwa, amene ntchito yawo tsiku lonse ndi kuphunzira, ndipo maola owerenga paokha kunyumba sali m'chiwerengerocho. Tsono tengani maola 600 muwagawe ndi mphindi 15 patsiku. Mupeza zaka zoposa 6. Chilankhulo sichiwerenga miyezi ya pakalendala, chimawerenga maola amene makutu ndi pakamwa zagwira ntchito.

Nditafika, sindinamve kanthu. Sindikukokomeza. Mavidiyo ambiri amene ndinkaonera anali a Chipwitikizi cha ku Brazil, chimene amatchula mawu momasula, chilembo chilichonse cha liwu chikumveka. Anthu amene ndinawapeza pantchito ankalankhula motsatira cha ku Portugal, chimene amameza malembo a liwu osatsindikidwa, moti mawu aatali amafupika n'kumamveka ngati akunong'oneza mothamanga. Mawu amene ndinkawadziwa papepala ankandidutsa osawazindikira. Ngati mukudziwa kumene mukupita, funani mawu ojambulidwa a anthu a kumeneko, ngakhale wailesi yawo ya pa intaneti, muzolowetse khutu musananyamuke.

Masabata oyamba anali owawa. Pofika masana mutu unkalemera, madzulo ndinkangogwera pabedi. Anzanga akaseka ndinkaseka nawo osadziwa chosekacho, mwinanso ankaseka ine ndemwe. Chopweteka kwambiri chinali kuchepa. Kwathu ndinali mmisiri amene anthu ankamufunsa nzeru, kuno ndinali bambo wandevu wolankhula ngati mwana wa zaka ziwiri, woloza zinthu ndi chala. Ndinayamba chizolowezi choipa chovomera chilichonse ndi mutu kuti wolankhulayo andisiye. Tsiku lina ndinavomera motero malangizo a kapitawo, ndinakoka mawaya a chipinda chonse kupita ku khoma lolakwika, ndipo Loweruka langa linathera pozula ndi kuikanso popanda malipiro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ziganizo zoyamba kuziloweza zisakhale za moni ayi, zikhale izi: "Sindinamve, bwerezani pang'onopang'ono," "Ichi mumachitcha chiyani?" ndi "Ndiloleni ndibwereze zimene mwanena kuti ndione ngati ndamva." Chachitatuchi ndi chimene chimapulumutsa ntchito.

Kenaka zinthu zinayamba kutseguka, ndipo zinatseguka mofulumira modabwitsa. Pamalo omanga nyumba chilankhulo chimabwera ndi chinthu chake m'manja. Munthu akatambasula dzanja n'kutchula liwu uku akuyang'ana pulayala, sufunika womasulira. Mawa abwereza, mkuja abwerezanso. Mawu a zida, manambala, miyeso, mitundu ya mawaya, "kweza", "tsitsa", "dikira", ngakhale zotukwana, zonse zinalowa zokha popanda kuziloweza. Katswiri wa zilankhulo Stephen Krashen anatchuka cha m'ma 1980 ndi ganizo lakuti munthu amatola chilankhulo akamamva uthenga umene akutha kuutsatira, wopitirira pang'ono chabe pamene iye wafika. Si akatswiri onse amene amavomereza kuti zimenezo n'zokwanira, ndipo ine ndinadzaona chifukwa chake, koma pa gawo loyambali ananena zoona. Nkhani za pa TV zinkandidutsa pamwamba ngakhale ndimvetsere ola lathunthu. Makatuni a ana ndi mpira, kumene maso akuona chimene pakamwa pakunena, zinkandisiyira kanthu.

Ndinagula kabuku kokwana m'thumba la ovolosi. Poyamba ndinkalembamo mawu okhaokha ndi matanthauzo ake, koma pofika Lamlungu ambiri anali atauluka. Zimenezi si ubulutu. Katswiri wa za maganizo Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimatayika kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa nthawi ndi kumene kumazigwira. Njira yosavuta ndi ya timakadi imene Sebastian Leitner anafalitsa cha m'ma 1970: kakadi kamene wayankha bwino umakasunthira m'bokosi loonedwa patalipatali, kamene walephera kamabwerera m'bokosi la tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ya Anki imachita zofananazo pafoni kapena pakompyuta. Chimene chinandithandiza kuposa zonse chinali kusiya kulemba liwu lokha. Ndinkalemba chiganizo chonse mmene ndachimvera pakamwa pa munthu, ndi kachizindikiro kondikumbutsa amene ananena ndi pamene tinali. Liwu lokhala ndi nkhope ya munthu siliiwalika msanga.

Chaka chisanathe ndinkatha kugula zinthu, kukwera basi, kukangana za mpira ndi kulandira malangizo popanda wothandiza. Anthu ankandiyamikira kuti ndaphunzira msanga. Kabuku kaja ndinakasiya m'chikwama, timakadi tinachita fumbi. Ndinkati zotsalazo zibwera zokha monga zinabwerera zoyambazo.

Sizinabwere. Chipwitikizi changa chinali cha mtundu wake. Aneni ndinkawatchula mmene alili mu dikishonale, osasintha mathero ake, n'kungoikapo "dzulo" kapena "mawa" kuti nthawi idziwike. Zoti dzina ili ndi lachimuna, ili ndi lachikazi, ndinkangoponya. Anzanga ankandimva, ndiye panalibe chowakakamiza kundikonza, ndipo munthu wamkulu mnzako sungamamudule pakamwa nthawi zonse. Ena mpaka anayamba kundilankhula m'Chipwitikizi changa chothyokacho pofuna kundichitira chifundo. Apa ndi pamene wodziphunzitsa yekha amasiyana ndi wa m'kalasi: wa m'kalasi ali ndi munthu wolipidwa kuti amuuze kuti walakwa.

Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti zimenezi n'zodziwika. Mu 1983 katswiri wa zilankhulo Richard Schmidt analemba za katswiri wina wojambula wa ku Japan amene ankakhala ku Hawaii, yemwe anamutcha Wes. Anamutsatira zaka zitatu. Wes ankacheza ndi aliyense m'Chingerezi, kuchita malonda ndi kufotokoza nkhani mokoma, koma galamala yake inasuntha pang'ono kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 momwemo kunachitika kafukufuku wamkulu wa bungwe la sayansi la ku Ulaya lotchedwa European Science Foundation pa anthu akuluakulu obwera kudzagwira ntchito ku Britain, France, Germany, Netherlands ndi Sweden, amene ankatola chilankhulo mumsewu ndi kuntchito. Akatswiri a kafukufukuyu, Wolfgang Klein ndi Clive Perdue, anapeza kuti anthuwa, ngakhale ankachokera kosiyana ndi kuphunzira zilankhulo zosiyana, ankafika pa kalankhulidwe kofanana: aneni osasintha, nthawi yosonyezedwa ndi mawu ngati "dzulo", ziganizo zazifupi. Kalankhulidweka kamagwira ntchito, n'chifukwa chake ena ankaima pomwepo. Powerenga zimenezo ndinkangodziona ndekha.

Chimene chinandidzutsa chinachitika m'chipinda china chapamwamba. Mnzanga wachinyamata anali pa makwerero akufuna kulumikiza nyali ya kudenga, ine ndili m'khonde kupita ku bokosi la maswichi. Anakuwa kufunsa za magetsi. Ndinayankha kuti "eu desligar", ine m'mutu mwanga ndikutanthauza kuti ndikupita kukazimitsa. Iye, pozolowera kuti ndimanena choncho ngakhale pa zinthu zimene ndachita kale, anamva kuti ndazimitsa. Ndinamva kukuwa, kenaka chiphokoso cha makwerero. Ndinamupeza pansi atagwira dzanja, nkhope itatuwa. Magetsi anangomukankha, koma pogwa anabinya mkono ndipo anakhala masiku angapo osagwira ntchito. N'zoona kuti iyenso anayenera kuyesa waya ndi tesita asanaugwire, lamulo limenelo aliyense wa magetsi amalidziwa. Koma kusiyana kwa "desliguei", ndazimitsa, ndi "vou desligar", ndikukazimitsa, kunali pakamwa panga. Usiku umenewo sindinagone.

Choipanso china, pofunsidwa ndi akuluakulu a ntchito kuti ndifotokoze mmene zinakhalira, ndinalephera. Ndinkafuna kunena kuti "ndikanadziwa kuti wayamba kale, ndikanamuletsa," koma chiganizo chotere chinalibe njira m'Chipwitikizi changa. Ndinangobwereza mawu atatu anayi ngati munthu wobisa kanthu. Pasanapite nthawi panapezeka malo a woyang'anira gulu, ndipo anapatsa munthu amene ndinkamuphunzitsa ntchito. Anandiuza mosabisa kuti woyang'anira amalemba malipoti ndi kulankhula ndi mainjiniya. Sindinawaone kulakwa, koma zinandiwawa.

Panali mdala wina woyang'anira nkhokwe ya zipangizo, munthu wosafulumira kulankhula. Ndinamupempha pa nthawi yopuma kuti, "Bambo, ndikalakwitsa muzindiuza, musandimvere chisoni." Anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndikati ndikonze zonse sitidya." Tinagwirizana kuti azikonza chinthu chimodzi pa sabata. Sabata yoyamba inali ya aneni a zinthu zochitika kale basi. Ndikati ndifotokoze za dzulo n'kutchula mneni wosasintha, iye ankagogoda tebulo ndi chala osanena kanthu, ine n'kubwerera kukakonza ndekha. Kugogoda kuja kunkandikwiyitsa, nthawi zina ndinkafuna kungonyamuka. Koma kukonza wekha kumakhalitsa kusiyana ndi kuuzidwa yankho. Mukapeza munthu wotere, musamupemphe kuti akuphunzitseni chilankhulo, chifukwa mbadwa zambiri sizitha kufotokoza malamulo a chilankhulo chawo. Mupempheni kuti azikuimitsani pa cholakwa chimodzi chimene mwasankha nokha.

Malamulowo ndinawapeza m'buku la galamala lakale limene ndinagula kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito. Ndinkaliopa kuyambira kale, koma nditalitsegula pa nthawi imeneyi linali ngati likungonditchulira maina a zinthu zimene ndakhala ndikuzimva chaka chonse. Apa Chichewa chinandithandiza kuposa Chingerezi. Ife timasintha mneni kumayambiriro: ndinapita, unapita, tinapita, tidzapita. Iwo amasintha kumathero, basi. Ife timati chingwe chachitali, zingwe zazitali, mawu onse akutsatira gulu la dzina. Iwo ali ndi magulu awiri okha, lachimuna ndi lachikazi, ndipo mawu ofotokoza amatsatira chimodzimodzi. Munthu amene pakamwa pake pazolowera magulu ambirimbiri a maina alibe chifukwa choopera awiri. Nditaona choncho mantha anatha, ndipo ndinayamba kuloweza dzina lililonse pamodzi ndi kachilembo kake ka patsogolo kosonyeza ngati ndi lachimuna kapena lachikazi.

Chodabwitsa chinali chakuti ndikawerenga lamulo usiku, mawa lake ndinkalimva paliponse, m'basi, pa wailesi, pakamwa pa kapitawo. Linalipo nthawi yonseyi, khutu langa ndi limene linkalidumpha chifukwa tanthauzo ndinkalipeza popanda ilo. Schmidt yemwe uja anapita ku Brazil kukaphunzira Chipwitikizi n'kumalemba zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo anaona kuti zimene zinkalowa m'kalankhulidwe kake zinali zimene anaziika m'maganizo pozimva. Kumva kokha sikukwanira, pamafunika kuzindikira chimene ukumva. Ndikanati ndiyambirenso, galamala sindikanayamba nayo tsiku loyamba, koma sindikanadikiranso mpaka munthu agwe pa makwerero. Nthawi yake ndi pamene mwayamba kumva zambiri ndipo anthu ayamba kukuyamikirani.

Katchulidwe kanali ndi nkhondo yakeyake. Kwa ife l ndi r sizisiyanitsa mawu, koma m'Chipwitikizi zimasiyanitsa, ndipo r yomweyo ili pawiri, yopepuka ndi yolemera. Ndinkadzijambula mawu pafoni ndikuwerenga chiganizo chimodzi, n'kufananitsa ndi mmene wowerenga nkhani pa wailesi wachinenera. Kudzimvera wekha n'kochititsa manyazi, koma zolakwa zimene khutu silimva ukamalankhula limazimva ukamamvetsera.

Kuwerenga ndi kumene kunakulitsa mawu. Zokamba za tsiku ndi tsiku zimazungulira pa mawu omweomwewo, n'chifukwa chake munthu amafulumira poyamba kenaka n'kuima. Paul Nation, katswiri wa ku New Zealand, anawerengera mu 2006 kuti pa Chingerezi munthu amafunika magulu a mawu (gulu lililonse ndi liwu pamodzi ndi mawu ochokera kwa ilo) 8,000 mpaka 9,000 kuti awerenge nyuzipepala kapena buku la nthano popanda thandizo, ndi 6,000 mpaka 7,000 kuti atsatire zolankhulidwa. Chiwerengerocho ndi cha Chingerezi, koma chimakupatsani chithunzi cha kutalika kwa mtunda. Mawu ochuluka chotero sungawatole pamalo omanga nyumba. Ndinayamba ndi timapepala ta malangizo topezeka m'makatoni a zipangizo, chifukwa nkhani yake ndinkaidziwa kale, kenaka masamba a masewero m'nyuzipepala, kenaka mabuku a ana a sukulu. Ndinadziletsa kutsegula dikishonale pa liwu lililonse. Liwu likabwera kachitatu ndisanalimvetse, pamenepo ndiye ndinkalifufuza.

Mtengo wina umene anthu satchula ndi wa ubwenzi. Panali kagulu ka alendo anzanga amene tinkakumana kumapeto a sabata n'kumacheza m'Chingerezi. Kumeneko ndinkapuma, ndinkakhalanso munthu wamkulu wanzeru zake. Koma ena mwa iwo anali atakhala m'dzikomo zaka zambiri akulankhulabe ngati mmene ndinkalankhulira ine. Ndinachepetsa kupitako n'kuyamba kupita kumene ndinkakhala chete nthawi yambiri, kumvetsera anthu akukamba za mabanja awo ndi ndale zawo. Ena anandiona ngati wonyada. Ndinasungulumwa kwa miyezi ndithu, ndipo sindinganene kuti aliyense achite chimodzimodzi, chifukwa munthu ali kutali ndi kwawo amafunanso pothawira. Kungoti maola aja amayenera kuchokera penapake, ndipo kwa munthu wogwira ntchito tsiku lonse amachokera ku tulo kapena ku macheza. Bandulo ya intaneti nayonso inkatha msanga ndi mavidiyo, mpaka ndinaphunzira kukopera mapulogalamu a wailesi pamalo a Wi-Fi n'kumawamvera mobwereza popita kuntchito. Kumvera chinthu chimodzi kangapo kunandipindulira kuposa kumvera zatsopano tsiku lililonse.

Za msinkhu anthu amafunsanso kawirikawiri. Kafukufuku wa mu 2018 wa Joshua Hartshorne, Joshua Tenenbaum ndi Steven Pinker, amene anayesa galamala ya Chingerezi ya anthu pafupifupi 670,000 pa intaneti, anasonyeza kuti luso lotola galamala limakhala lamphamvu mpaka zaka 17 kapena 18 kenaka n'kuyamba kutsika, ndipo kuti ofika pofanana ndi mbadwa nthawi zambiri ndi amene anayamba asanapitirire zaka 10. Ine ndinayamba nditapitirira zaka 30, ndiye zoti wina adzandiyese mbadwa ndinazichotsa m'mutu. Koma ntchito sifuna mbadwa, imafuna munthu womveka bwino ndi wolemba zomveka.

Kuti ndidziwe pamene ndili popanda mphunzitsi, ndinagwiritsa ntchito muyeso wa bungwe la mayiko a ku Ulaya lotchedwa Council of Europe umene unatuluka mu 2001, wogawa luso m'magawo 6 kuyambira A1 mpaka C2. Ubwino wake ndi wakuti umafotokoza zimene munthu angathe kuchita pa gawo lililonse, ndipo umasiyanitsa kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Nditadziyesa moona mtima koyamba, kumva kunali patsogolo kwambiri, kulemba kunali kumbuyo ndi magawo awiri. Ndinayamba kulemba ndime imodzi usiku uliwonse yofotokoza ntchito ya tsikulo, mdala uja n'kumaiyang'ana m'mawa ndi pensulo. Malipoti amene ndimalemba lero anachokera m'ndime zimenezo.

Malo a woyang'anira ndinadzawapeza ulendo wachiwiri, patapita zaka. Pali zinthu zimene zikundivutabe. Pafoni, pamene sindikuona milomo ya munthu, ndimapemphabe kuti abwereze, makamaka manambala. Anthu akakhala ambiri n'kumalankhula modutsana ndimatsalira, ndipo nthabwala zina ndimazimva aliyense atamaliza kale kuseka. Aneni a zokhumba ndi zokayikitsa ndimawaganizirabe ndisanawatchule, ndipo ndikatopa amandithawa. Pagulu langa pano pali anyamata awiri obwera kumene amene ali pa gawo lija la kuloza ndi chala. Ndinawauza kuti pa china chilichonse alankhule mothyoka mmene angathere, koma pa za kuzimitsa magetsi pali ziganizo ziwiri zokha zololedwa, wofunsayo azibwereza yankho mokweza, ndipo tesita izikhudza waya dzanja lisanakhudze.